Lipoti la galimoto imene inasungidwa zaka zinayi ku Nyambadwe poyembekezera kuti idzakwera mtengo

Lipoti ili likufotokoza ntchito imene ndinagwira m'chaka cha 2024 monga mmisiri woyesa magalimoto ndi kuwerengera mtengo wake mumzinda wa Blantyre. Eni galimotoyo, bambo achikulire a ku Nyambadwe amene anali atangopuma pa ntchito, anavomera kuti nkhaniyi ilembedwe popanda kutchula dzina lawo, popeza zimene anabwera nazo zikufunsidwa ndi anthu ambiri masiku ano, makamaka amene alandira ndalama za penshoni ndipo akuopa kuti kwacha iwathera mphamvu ali nayo m'manja.

Mafunso awo anali awiri. Loyamba linali lakuti galimoto imene anaiyimika m'galaja kuyambira 2020 yafika pa mtengo wanji. Lachiwiri, lomwe ndi limene linandidetsa nkhawa, linali lakuti kodi achita bwino kutenga gawo lalikulu la penshoni yawo n'kugula galimoto ina, Toyota Land Cruiser 200 ya injini ya V8, n'kuisunganso osaiyendetsa, kuti idzakhale chuma cha ana ndi adzukulu pamene anthu osonkhanitsa magalimoto osowa adzayamba kuilimbirana.

Mbiri ya galimotoyo

Galimoto yosungidwayo ndi Toyota FJ Cruiser ya 2012, ya chiwongolero chakumanja, ya injini ya petulo ya V6 ya malita 4.0 yotchedwa 1GR-FE. Anaiyitanitsa ku Japan mu 2018, inatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno pa chipata cha Songwe. Kuphatikiza mtengo wogulira, wa sitima, woyendetsera pamsewu ndi msonkho wa ku MRA, inawadyera pafupifupi K22 miliyoni. Inafika itayenda makilomita 61,000 ndipo anaiyendera zaka ziwiri zokha. Mwana wawo amene amagwira ntchito ku Johannesburg ndiye anawauza kuti galimoto imeneyi asamaichite matola a kumunda, chifukwa Toyota inasiya kuigulitsa ku America mu 2014 ndi ku Japan mu 2018, kotero kuti idzasowa ndipo idzafunidwa. Mwanayo sananame pa zaka zimenezo, ndipo kumapeto kwa 2022 kampaniyo inasiyiratu kuipanga. Bambowa anaitsuka, anaiphimba ndi lona, anakoka buleki yamanja n'kutseka chitseko. Miyezi yoyambirira mnyamata wa pakhomo ankailiza mwa apo ndi apo, koma batire litafa nkhani yoiliza inathera pomwepo.

Zimene tinapeza

Titachotsa lona, galimotoyo inali yokongola kwabasi. Penti inali isanasuluke, mipando inalibe pong'ambika, ndipo geji inasonyeza makilomita 68,000 okha. Aliyense woiona pa chithunzi akanalumbira kuti ndi yabwino kuposa zinzake zonse zoyenda mu Masauko Chipembere Highway. Zimene zinali mkati zinali zina, monga nkhokwe yodzaza bwino imene anankafumbwe anailowa kalekale.

Titatsegula thanki, kunatuluka fungo lowawasa la vanishi, losonyeza kuti petulo anavunda. Petulo wa kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo pa galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku zimenezi sizivuta ayi. Vuto limabwera petuloyo akakhalitsa, chifukwa ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo m'thanki yosadzaza, imene yadutsa m'nyengo zinayi za chiperoni ndi zinayi za dzinja, madziwo amakatsikira pansi pomwe pali pampu. Pampu ya mafuta inali itauma gwa, sefa yake itamatidwa ndi utomoni wofiirira, ndipo mainjekita awiri mwa asanu ndi limodzi sanathe kupopera ngakhale titawatsuka.

M'bokosi la sefa ya mpweya tinapezamo chisa cha makoswe, cha mapepala ong'ambidwa, makoko a mtedza ndi njere za chimanga, pakuti m'galaja momwemo munkasungidwanso matumba ochokera kumunda. Makoswewo anatafuna waya wopita ku knock sensor, kachipangizo komvetsera kugogoda kwa injini, kamene pa injini iyi kamakhala pakati penipeni, pansi pa njira zolowera mpweya. Wayayo payekha ndi wotsika mtengo, koma kuti mmisiri amufike ayenera kumasula kumtunda konse kwa injini, ndipo akapanda kukonzedwa kompyuta ya injini imayatsa nyali yochenjeza n'kuchepetsa mphamvu. Matayala onse anayi anali ndi mapazi akuya ngati atsopano, koma m'mbali mwake munali ming'alu yaing'onoing'ono, ndipo pamene anakhalira pansi panali pataphwathalala. Pa tayala lililonse pamadindidwa manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa. Pa awa panalembedwa 2317, kutanthauza sabata ya 23 ya 2017, kotero kuti anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri ndipo sindikanalola munthu kutsika nawo phiri la Thyolo kapena la Chikwawa.

Chodula kwambiri chinali mabuleki. Buleki yamanja, imene inakhala yokoka zaka zonsezo, inali itagwirana ndi dzimbiri, moti tinachita kugogoda kuti matayala akumbuyo azungulire. Mafuta a mabuleki nawonso amakoka madzi, n'chifukwa chake amayenera kusinthidwa pakatha zaka ziwiri zilizonse, kaya galimoto ikuyenda kaya ili chiimire. Apa anali akuda ndi a matope. Tsono pa FJ Cruiser mphamvu ya mabuleki simachokera ku mpweya wa injini monga pa magalimoto akale, koma ku pampu yamagetsi imene inamangidwa pamodzi ndi ABS (makina oletsa matayala kukhwekhwereza pomanga mabuleki mwadzidzidzi) ndi kompyuta yake kukhala chipangizo chimodzi. Titaika batire latsopano, pampuyo inangolira osaleka ndipo alamu ya mabuleki inayamba kulira. Chipangizo chotere sichikonzedwa ndi nyundo ndi sipanala. Chimagulidwa chathunthu, ndi ndalama zakunja, ndipo chakale cha pa galimoto yophwasulidwa chimene munthu angachipeze ku Limbe kapena ku Ndirande palibe amene angachitsimikizire.

Injini yeniyeniyo, giyabokisi ndi chasisi zinali bwino. Ichi ndiyenera kuchinena momveka, chifukwa galimotoyi ndi yolimba ndithu, ndipo zonse zimene zinaonongeka zinaonongeka ndi kuima, osati ndi msewu.

Nkhani ya ndalama

Bambowa anandiuza monyadira kuti munthu wina wogulitsa magalimoto anawalonjeza K45 miliyoni atangoona zithunzi. "Amisiri," iwo anatero, "ndinagula 22, lero akunena 45. Ndi banki iti ikanandipatsa zimenezi?" Funsoli ndi lolemera, ndipo sindinalipeputse.

Mu 2018 dola imodzi inkagulidwa pafupifupi K730, choncho K22 miliyoni inali madola pafupifupi 30,000. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 pa dola. Pa nthawi ya ntchitoyi mtengo wa ku banki unali cha pa K1,750. Tikagawa K45 miliyoni ndi mtengo umenewu tipeza madola osakwana 26,000, ndipo tikawerengera mtengo wa pamsika wamseri, umene oitanitsa magalimoto ambiri amagulira ndalama zakunja, chiwerengerocho chimatsikanso kwambiri. Kuti angobweza madola awo 30,000 anafunika kugulitsa pa K52.5 miliyoni, galimoto ili yoyenda, zonse zimene ndatchula zija zitakonzedwa ndi ndalama za m'thumba mwawo. Galimotoyo sinakwere mtengo. Imene inagwa ndi kwacha, ndipo Toyota Probox kapena Sienta iliyonse yonyamula anthu ku Chirimba inakweranso m'makwacha pa zaka zomwezo popanda wina kuitcha chuma chosowa.

Komabe mantha a bambowa ali ndi maziko. Mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka mu 2023 ndi 2024, ndipo ndalama yongogona m'buku la ku banki inkatha mphamvu mwezi ndi mwezi. Katundu aliyense amene mtengo wake umatsatira dola amatchinjiriza munthu pang'ono, ndipo galimoto ili m'gulu limeneli. Koma kutchinjirizako galimoto yoyenda imakupereka chimodzimodzi ndi yoima, ndipo yoyendayo imakhala ikugwira ntchito, pamene yoimayo ikudya ndalama za mlonda, za malo ndi za kukonza. Inshuwalansi ya galimotoyi inatha mu 2021 ndipo sanaikonzenso, poganiza kuti yosayenda singachite ngozi. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagumula mipanda ndi kukokolola nyumba ndi magalimoto ku Chilobwe ndi m'madera ena a m'munsi mwa phiri la Soche. Madzi otere, kapena moto, akanafika ku Nyambadwe, palibe ngakhale tambala imene ikanabwezedwa. Ndionjezerepo kuti ngakhale amene amalipira inshuwalansi mokhulupirika ambiri amasiya mtengo wa galimoto pa chiwerengero cha chaka chimene anaigula, ndipo tsoka likagwa amalandira makwacha amene sangagule ngakhale theka la galimoto yofanana nayo.

Chimene chimakweza mtengo wa galimoto yakale

Nkhani zimene zimakopa anthu ndi zoona. Mu 2018 Ferrari 250 GTO inagulitsidwa pa okishoni ku Monterey, ku America, pa madola 48.4 miliyoni, ndipo mu 2022 Mercedes-Benz 300 SLR Uhlenhaut Coupé ya 1955 inagulitsidwa pa mayuro 135 miliyoni. Koma za mtundu woyambawo zinapangidwa 36 zokha, ndipo za wachiwiriwo ziwiri zokha. Pafupi ndi kwathu, BMW 325iS imene inapangidwa ku Rosslyn mu South Africa, imene m'makomboni a kumeneko amaitcha Gusheshe, ikugulidwa pa mtengo wokwera chifukwa zinapangidwa mazana owerengeka, zambiri zinatha ndi mipikisano ndi ngozi, ndipo anyamata amene ankaisirira ali aang'ono lero ndi anthu a ndalama. Nissan Skyline GT-R R34, ya 1999 mpaka 2002, inakwera chifukwa lamulo la ku America limalola kulowetsa galimoto yosapangidwira msika wawo ikakwanitsa zaka 25, ndipo zoyambirira zinakwanitsa zakazo mu 2024. Pa zonsezi pali kusowa kwenikweni, pali mbiri, ndipo pali gulu la anthu olemera amene akulimbirana chinthu chimodzi.

FJ Cruiser ili ndi okonda ake, ndipo imadziwika kuti sigwa mtengo msanga ngati magalimoto ena. Koma ku America kokha zinagulitsidwa zoposa 200,000. Kusiya kupangidwa sikutanthauza kusowa. Apa ndinawafotokozera bambowa za Cadillac Eldorado yotsegula denga ya 1976, imene inalengezedwa ngati galimoto yotsiriza yotsegula denga ya ku America. Anthu anathamangira kugula, zinagulitsidwa pafupifupi 14,000, ndipo ambiri anazitsekera m'magalaja poyembekezera phindu. Mu 1984 kampani yomweyo inatulutsanso Eldorado yotsegula denga, ndipo ogula ena okwiya anapita kukhoti koma sanapambane. Galimoto imene aliyense akudziwa kuti ndi yotsiriza imasungidwa ndi anthu ochuluka nthawi imodzi, ndipo tsiku logulitsa likafika onsewo amakumana pamsika umodzi. Zimene zinadzakhala zamtengo wapatali kawirikawiri ndi zimene anthu a nthawi yake anaziyendetsa mpaka kuzitha, n'kutsala zochepa.

Palinso kusiyana pakati pa galimoto yakale ndi yamakono kumene amisiri timakuona ndi manja athu. Land Rover ya kale kapena Peugeot 404, ya mtundu uja unkachita matola m'misewu yathu, ikhoza kugona pansi pa mtengo wa mango zaka khumi, mmisiri wa ku Ndirande n'kutsuka kabuleta, kupala mapointi, kusula kachitsulo kosowa, n'kuidzutsa. Galimoto yamakono ili ndi makompyuta ambiri olankhulana, kiyi wokhala ndi nambala yachinsinsi imene iyenera kugwirizana ndi kompyuta ya injini, magalasi oonetsa zithunzi ndi mapulasitiki amene amafumbutuka ndi kutentha. Zimenezi zimakalamba ndi zaka, osati ndi makilomita, ndipo palibe wozisula. Batire lalikulu la galimoto za hybrid, zoyendera petulo ndi magetsi, monga Toyota Aqua ndi Honda Fit zimene zadzaza m'tauni muno, limaonongeka msanga likasiyidwa miyezi yambiri osagwira ntchito. Ngakhale zikwama za mpweya zoteteza pangozi zimakalamba, monga zinaonekera pa za kampani ya Takata, zimene mankhwala ake ankasintha ndi kutentha ndi chinyezi mpaka mamiliyoni a magalimoto anaitanidwa kukasinthidwa, kampaniyo n'kugwa mu 2017. N'zoona kuti Nissan inayambanso kupanga masipeyala a Skyline R32 mu 2017, ndipo Toyota inachita chimodzimodzi pa Supra kuyambira 2020, koma mwayi wotere umagwera mitundu yowerengeka imene inatchuka kale. Wogula lero sangadziwe ngati yake idzakhala pa mndandandawo.

Wogula ali kuti

Mfundo imene inawakhudza kwambiri bambowa inali ya msika. Mtengo wa galimoto mu Blantyre uli ndi msonkho mkati mwake, umene umakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, kuphatikizapo ndalama za sitima ndi za ulendo wochokera ku doko. Wogula wakunja salipira zimenezi. Iye amayerekeza ndi mtengo wa ku Japan kapena wa kwawo, n'kuchotsapo ndalama zoitulutsira kuno, kotero kuti mwini wake amaluza polowa ndi potuluka pomwe. South Africa, komwe kuli anthu ambiri osonkhanitsa magalimoto, salola kulowetsa magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito kupatula pa zifukwa zochepa zofuna chilolezo chapadera. Kenya salandira galimoto yopitirira zaka zisanu ndi zitatu. Ku America FJ Cruiser ya 2012 ya ku Japan idzaloledwa mu 2037, ndipo idzakapeza zinzake zambirimbiri za chiwongolero chakumanzere chimene anthu a kumeneko anazolowera.

Otsala ndi ogula a konkuno, monga alimi akuluakulu, a makampani a zokopa alendo, a zomangamanga ndi anthu ofuna galimoto yopirira maenje a m'misewu yathu. Amenewa funso lawo loyamba ndi lakuti ikuyenda kodi, ndipo lachiwiri ndi lakuti imamwa bwanji, limene pa injini ya petulo ya malita anayi, m'dziko limene laona mizere ya mafuta, si funso laling'ono. Makilomita ochepa sawakopa kwenikweni chifukwa aliyense amadziwa kuti geji imabwezedwa. Mwamwayi bambowa anasunga satifiketi yotulutsira galimoto ku Japan, imene imasonyeza makilomita a pa nthawi imene inayesedwa kumeneko, pamodzi ndi mapepala a msonkho ndi blue book. Mapepala amenewa ndiwo anapatsa galimotoyo ulemu woposa zinzake, kuposa zaka zinayi za m'galaja.

Za Land Cruiser 200

Maganizo ogula Land Cruiser 200 anachokera pa mfundo yoona, yakuti mtundu umenewu unapangidwa kuyambira 2007 mpaka 2021, ndipo 300 imene inaulowa m'malo ili ndi injini ya V6. Ndinawayankha kuti mtundu umene unapangidwa zaka khumi ndi zinayi, n'kugulidwa ndi maboma, mabungwe ndi migodi padziko lonse, sudzasowa m'moyo wawo ngakhale wa ana awo. Kuonjezera apo injini yake ya dizilo, 1VD-FTV, imapopera mafuta pa mphamvu yaikulu kwambiri kudzera m'timabowo tosaoneka ndi maso, moti madzi pang'ono m'dizilo wokhalitsa amaononga pampu ndi mainjekita onse asanu ndi atatu. Zina mwa galimotozi zili ndi masipiling'i oyendera mafuta ndi kompyuta, amene amadontha akakhala chiimire. Zimene zinachitikira FJ Cruiser zikanachitikanso, koma pa mtengo woposa, ndipo ndalama yomira m'menemo ikanakhala imene munthu wopuma pa ntchito amadalira akadwala. Galimoto yodula chotere sigulika m'sabata imodzi, ndipo wogulitsa mofulumira chifukwa cha matenda amagwa m'manja mwa madobadoba.

Sindili mlangizi wa zachuma, choncho sindinawauze kumene aike penshoni yawo. Ndinangowakumbutsa kuti mu 2024 chiwongoladzanja cha Reserve Bank chinali pa 26 peresenti, kuti kuli makalata a ngongole za boma, masheya a pa Malawi Stock Exchange ndi nyumba za lendi, ndipo kuti zonsezi, ngakhale zili ndi zoopsa zake, zimabweretsa kanthu pa nthawi yodikira. Ndinawapempha kuti akakhale pansi ndi mlangizi wovomerezeka, mayi a kunyumba ali pomwepo.

Zimene ndinalangiza ndi zimene zinachitika

Mu lipoti limene ndinawapatsa ndinalemba mitengo iwiri, wa galimoto monga inalili, yosalira ndi yopanda mabuleki, ndi wa galimoto itakonzedwa n'kupatsidwa COF, chiphaso chotsimikizira kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Kusiyana kwake kunaposa ndalama zokonzera, choncho ndinalangiza kuti aikonze kaye, kaya adzaigulitsa kaya ayi. Ndinati ngati amaikonda aisunge, chifukwa kukonda galimoto ndi chifukwa chokwanira, koma aziiyendetsa mlungu uliwonse ulendo woti injini itenthe bwino, azisintha oyilo ndi mafuta a mabuleki potsata miyezi osati makilomita, achotse chimanga m'galaja, asunge malisiti onse, ndipo aziunikanso mtengo wa pa inshuwalansi chaka ndi chaka.

Maganizo a Land Cruiser anawasiya, ngakhale kuti mwana wa ku Johannesburg sanagwirizane nazo poyamba ndipo anapempha kuti atumiziridwe zithunzi za pampu ndi za wayayo. Thanki inatsitsidwa n'kutsukidwa, pampu, mainjekita awiri, batire ndi matayala zinasinthidwa, ndipo chipangizo cha mabuleki chinaitanitsidwa chatsopano kudzera ku South Africa. Chinachedwa pafupifupi miyezi itatu chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, ndipo pofika mtengo wake m'makwacha unali utakwera kuposa umene tinauzidwa poyamba. Galimotoyo inayesedwa, inapatsidwa COF, ndipo tsopano imapita kumunda kwawo ku Chiradzulu. Pa kuyesa kotsatira ndinapeza kuti makina oziziritsa mkati akutaya gasi pa malabala amene anauma, ndiponso kuti shokabuzoba imodzi yakumbuyo yayamba kudontha, ndipo ziwirizi zinalembedwa kuti zikonzedwe pa sevisi yotsatira.